Kuyatsa ndi kuzimitsa VPN ya pa rauta ya kunyumba popanda kulowa pa tsamba loyendetsera

Bambo Mbewe:
Moni nonse a pagulu. Rauta ya kunyumba kwanga ili ndi OpenWrt, dongosolo la Linux loyendetsera marauta, ndipo ndinaikamo WireGuard, pulogalamu ya VPN, kuti zipangizo zonse za m'nyumba, kuyambira mafoni ndi makompyuta mpaka TV, zizidutsa pa VPN, njira yobisika yopita ku seva ya kutali, zisanatulukire pa intaneti. Zimenezi zikuyenda bwino, koma pali nthawi zina pamene VPN imafunika kuzimitsidwa. Pulogalamu ya banki imakana kutseguka ikaona adiresi ya dziko lina, tsamba loonetsa mafilimu limalemba uthenga woti tichotse kaye VPN, ndiponso kompyuta ya kuntchito ya mayi a kunyumba ili ndi VPN yakeyake, imene imachedwa kwambiri ikamadutsa mkati mwa inzake. Pakali pano ndimatsegula tsamba loyendetsera rauta lotchedwa LuCI, n'kulemba pasiwedi, n'kupita pa Network ndi pa Interfaces, kenako n'kudina Stop pa wg0, lomwe ndi dzina la kulumikizana kwa WireGuard pa rautayo. Ine ndimatha, koma ndikachoka palibe wina amene angathe, ndipo sindikufuna kupereka pasiwedi ya root, yolamulira rauta yonse, kwa ana. Kodi pali njira yoti aliyense wa m'nyumba azitha kuyatsa ndi kuzimitsa yekha?

A Jere:
Njira ilipo, Bambo Mbewe, ndipo mwina ili kale pa rauta yanuyo. Marauta ambiri ali ndi batani la WPS, lolumikizira zipangizo ku Wi-Fi popanda kulemba pasiwedi, lomwe anthu ambiri saligwiritsa ntchito. Mu OpenWrt, batani likadinidwa, dongosolo limayendetsa fayilo ya dzina la batanilo imene ili mu /etc/rc.button/, ndipo limaipatsa zinthu zitatu: BUTTON, lomwe ndi dzina la batani, ACTION, imene imanena ngati batani ladinidwa kapena lasiyidwa, ndi SEEN, chomwe ndi chiwerengero cha masekondi amene chala chinakhala pa batanipo. Choncho mungalembe kapulogalamu kakafupi mu /etc/rc.button/wps koti kazifunsa kaye `ifstatus wg0`, ndipo kakapeza kuti VPN ndi yoyaka kazilamula `ifdown wg0`, kakapeza kuti ndi yozima kazilamula `ifup wg0`. Muonetsetse kuti kakuchitapo kanthu pokhapokha ACTION ikakhala released, apo ayi kudina kumodzi kudzayatsa n'kuzimitsanso nthawi yomweyo.

Ngati fayilo ya dzina limenelo ilipo kale, musunge kaye kope lake musanalembemo. Mulembenso dzina la fayiloyo mu /etc/sysupgrade.conf kuti isatayike tsiku limene mudzakweze OpenWrt. Batani la WPS musalimvere chisoni, chifukwa kuyambira mu Disembala 2011, pamene Stefan Viehböck anaonetsa kuti nambala yake yachinsinsi ingathe kupezeka poyesa ka 11,000 kokha, akatswiri amalangiza kuti WPS izizimitsidwa.

Mayi Nabanda:
Ndikonze pang'ono pamenepo, a Jere. Vuto limene Viehböck anapeza linali la PIN ya manambala 8, osati la kudina batani. Komabe ndikugwirizana nanu kuti batanilo lingapatsidwe ntchito ina popanda wina kudandaula.

Mayi Nachisale:
Bambo Mbewe, musanalembe kapulogalamuko, ndikufuna tione bwino chimene chimachitika `ifdown wg0` ikalamulidwa, chifukwa kuzimitsa VPN pa rauta si chinthu chimodzi ayi. Pali zinthu zitatu zimene zinasinthidwa tsiku limene munaika VPN, ndipo zonsezo ziyenera kubwerera m'malo mwake.

Choyamba ndi njira yotulukira. Mukalemba 0.0.0.0/0, kutanthauza maadiresi onse, pa AllowedIPs ya WireGuard n'kulola kuti rauta ipange njira kuchokera pamenepo, njira ya VPN ingathe kulowa m'malo mwa njira ya WAN, yopita mwachindunji kwa kampani ya intaneti, ngati zonse ziwiri zili ndi metric yofanana, nambala yosonyeza njira yoyamba kusankhidwa. VPN ikazima, njira yake imachoka, ndipo ya WAN siibwerera yokha mpaka WAN itadzutsidwanso. Mankhwala ake ndi osavuta: mupatse WAN metric yaikulu, monga 1024, kuti njira zonse ziwiri zizikhala pamodzi, ya VPN ili patsogolo. Ena amalemba 0.0.0.0/1 ndi 128.0.0.0/1 m'malo mwa 0.0.0.0/0, yomwe ndi nzeru imene OpenVPN, pulogalamu ina ya VPN, imagwiritsa ntchito pa def1, chifukwa njira ziwiri zimenezi zimaphimba intaneti yonse popanda kufufuta njira yakale.

Chachiwiri ndi firewall, malamulo olola kapena kutseka zodutsa pa rauta. Ngati munachotsa lamulo lolola LAN, netiweki ya pakhomo, kupita ku WAN kuti pasamatuluke kanthu VPN ikaduka, ndiye kuti kuzimitsa VPN kudzangotseka intaneti ya nyumba yonse. Chachitatu ndi DNS, imene imamasulira mayina a masamba kukhala maadiresi. Ngati munauza dnsmasq, pulogalamu ya DNS ya pa rauta, kuti izifunsa seva ya DNS ya eni VPN, imene nthawi zambiri imafikika kudzera mu VPN mokha, ndiye kuti VPN ikazima mayina a masamba sadzamasuliridwa, ndipo anthu adzanena kuti intaneti yapita ngakhale kuti waya uli bwinobwino.

Bambo Mbewe:
Zikomo kwambiri, Mayi Nachisale. Metric ndinaisintha kale, koma lamulo la LAN kupita ku WAN ndinalichotsa dala, ndipo ndichifukwa chake ndikamazimitsa pa LuCI ndimapitanso pa tsamba la firewall kukalibwezera. Sindinatchule zimenezi poyamba. Kodi zikutanthauza kuti ndiyenera kusankha chimodzi pakati pa chitetezo chimenechi ndi batani?

A Jere:
Ayi, mungakhale nazo zonse ziwiri, bola kapulogalamu kanu kazisiyanitsa VPN imene yaduka yokha ndi VPN imene munthu wazimitsa dala. Lamulo la LAN kupita ku WAN mulibwezere mu /etc/config/firewall, mulipatse dzina, tinene kuti lan_wan, koma mulisiye lili lozimitsidwa. Munthu akadina batani kuti azimitse VPN, kapulogalamu kazilamula `ifdown wg0`, kenako `uci set firewall.lan_wan.enabled=1` ndi `service firewall reload`. Akadina kuti ayatse, kaziyamba ndi kutseka lamulo la firewall, ndipo `ifup wg0` izibwera pambuyo pake. Ndondomeko imeneyi ndi yofunika, chifukwa mukaitembenuza padzakhala kanthawi pamene munthu akuganiza kuti watetezedwa koma zinthu zake zikutuluka poyera. VPN ikaduka yokha usiku, palibe amene wadina batani, choncho lamulo lija limakhalabe lotseka monga munafunira.

Ndikulangizaninso kuti musaikemo `uci commit`. Zosintha zimene simunazisunge motero zimakhala mu /tmp ndipo zimafufutika rauta ikazima, kotero kuti magetsi akathima n'kuyakanso, nyumba imabwerera pa VPN yokha. Izi zimachepetsanso kulembalemba pa flash ya rauta, imene siinapangidwe kuti izilembedwa kambirimbiri tsiku lililonse.

Za DNS, njira yosavuta ndi kusankha seva imene imafikika mbali zonse ziwiri, monga 9.9.9.9 ya Quad9 kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. VPN ikayaka mafunso amadutsa mu VPN chifukwa njira yotulukira ndi imeneyo, ndipo ikazima amadutsa pa WAN, popanda kusintha kalikonse.

A Tembo:
Zonsezi ndi zabwino kwa amene amakonda kulemba malamulo, koma tisaiwale kuti pali marauta amene anabwera ndi zimenezi kuchokera kufakitale. Marauta ambiri a GL.iNet, omwenso mkati mwake muli OpenWrt, ali ndi kaswichi pambali, ndipo pa tsamba loyendetsera mumangosankha kuti kaswichiko kaziyatsa WireGuard kapena OpenVPN. Pa marauta a Asus pali VPN Fusion, ndipo amene anaika Asuswrt-Merlin ya Eric Sauvageau ali ndi VPN Director, imene imalola kusankha zipangizo zodutsa pa VPN ndi zosadutsa. Pa Merlin yomweyo, `service start_vpnclient1` ndi `service stop_vpnclient1` zimagwira ntchito kudzera pa SSH, njira yotumizira malamulo ku rauta kuchokera pa chipangizo china. Opanga marauta a FRITZ!Box anawonjezera WireGuard kuyambira pa FRITZ!OS 7.50, ndipo a MikroTik pa RouterOS 7, momwe batani la Mode lingapatsidwenso malamulo oti liziyendetsa.

Bambo Mbewe:
Ndamva, a Tembo, ndipo zimenezo zithandiza ena amene akuwerenga. Ineyo rauta ndili nayo kale ndipo ikugwira bwino ntchito, choncho sindikuganiza zogula ina.

Mayi Nabanda:
Kaswichi kamene a Tembo atchula kali ndi ubwino umodzi umene batani la WPS lilibe: munthu amaona ndi maso mbali imene kali. Batani longodina silikuuzani ngati VPN ili yoyaka kapena yozima, ndipo anthu awiri akadina motsatizana, aliyense adzachoka akukhulupirira zosiyana ndi zimene zilipo. Ngati mutsate njira ya a Jere, muyenera kuikapo kanyali. Tinyali ta rauta timapezeka mu /sys/class/leds/, ndipo kulemba 1 kapena 0 mu fayilo ya brightness kumayatsa kapena kuzimitsa kanyali kamene mwasankha.

Koma pali msampha pamenepa. WireGuard siili ngati OpenVPN, imene imadziwa kuti yalumikizana kapena ayi. WireGuard imaoneka yoyaka nthawi zonse mukangoidzutsa, ngakhale seva ya tsidya lina itafa. Chizindikiro chenicheni ndi nthawi ya handshake yomaliza, pamene rauta ndi seva zinasinthana makiyi, imene mumaiona polamula `wg show wg0 latest-handshakes`. Zinthu zikamayenda, makiyi amasinthidwa pakatha mphindi 2 zilizonse, ndipo akapitirira mphindi 3 amakanidwa. Choncho mukaika PersistentKeepalive pa masekondi 25 kuti mzerewo usamagone, handshake imene yapitirira mphindi 3 ikutanthauza kuti VPN yafa, kaya tsamba likunena zotani. Kanyali kazitsata chizindikiro chimenechi kudzera mu cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika, mphindi iliyonse, osati kungotsata kudina kwa batani.

Mayi Nachisale:
Ndikuona kuti tikumanga chinthu chachikulu, chokhala ndi batani, firewall, kanyali ndi cron, tisanafunse ngati batani ndi limene likufunikadi. Tiyeni tibwerere ku zimene Bambo Mbewe analemba. Iwo anatchula mavuto atatu, ndipo palibe ngakhale limodzi limene likufuna kuti nyumba yonse ichoke pa VPN. Banki ikufunika pa foni imodzi kwa mphindi zochepa, mafilimu ali pa TV imodzi, ndipo kompyuta ya kuntchito siyenera kudutsa pa VPN ya pakhomo mpang'ono pomwe. Kuzimitsa VPN ya nyumba yonse pofuna kuthandiza foni imodzi kuli ngati kuthimitsa magetsi pa swichi yaikulu chifukwa choti munthu mmodzi akufuna kugona m'chipinda chake.

Vuto lake si la chinsinsi lokha. Nthawi iliyonse batani likadinidwa, adiresi imene nyumba yonse imaonekera nayo pa intaneti imasintha, ndipo zonse zimene zinali zolumikizidwa zimaduka. Amene anali pa msonkhano wa pa kanema amaona chithunzi chitauma, amene amatsitsa fayilo yaikulu angafunike kuyambiranso, ndipo masamba ena amatulutsa munthu n'kumuuza kuti alowenso chifukwa aona kuti wasintha dziko mwadzidzidzi. Mukapereka batani kwa aliyense, mwapereka kwa aliyense mphamvu yodula ntchito ya mnzake.

Ine ndimakonda kukhala ndi ma Wi-Fi awiri pa rauta imodzi. Yoyamba imadutsa pa VPN, yachiwiri imatuluka mwachindunji. Amene akufuna kutsegula banki amangosankha Wi-Fi yachiwiri pa foni yake, chinthu chimene ngakhale mwana kapena agogo amadziwa kale kuchita, ndipo akamaliza amabwerera. Dzina la Wi-Fi limene likuoneka pa foni ndilo limamuuza kumene ali, choncho kanyali sikafunikanso. VPN ya pa rauta siizimitsidwa konse, ndipo lamulo loteteza la firewall silikhudzidwa.

A Gama:
Mayi Nachisale, ine ndidakali wophunzira pa zimenezi, choncho mundikhululukire ngati funso langa lili lachibwana. Kodi rauta imadziwa bwanji kuti zochokera pa Wi-Fi iyi zipite ku VPN ndipo zochokera pa inayo zipite ku WAN, popeza njira yotulukira imakhala imodzi?

Mayi Nachisale:
Funsolo ndi labwino, achimwene, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse. Linux siikhala ndi tebulo limodzi lokha la njira. Ingathe kukhala ndi matebulo ambiri, ndipo pali malamulo, amene mumawaona polamula `ip rule`, osankha tebulo loti ligwiritsidwe ntchito malinga ndi kumene uthenga wachokera. Ndiye mumapanga netiweki yachiwiri yokhala ndi maadiresi akeake, mwachitsanzo 192.168.2.0/24 pamene yoyamba ili pa 192.168.1.0/24, n'kuipatsa DHCP yake yogawira zipangizo maadiresi ndi zone yake mu firewall, kenako n'kuimangirira ku Wi-Fi yatsopano. Njira ya VPN mumaiika mu tebulo lapadera polemba ip4table pa wg0, ndipo mumalemba lamulo loti zochokera ku netiweki yoyamba ziziyang'ana tebulo limenelo. Zochokera ku netiweki yachiwiri zimatsata tebulo la masiku onse, lomwe njira yake ndi WAN. Mu firewall, netiweki yoyamba imaloledwa kupita ku VPN kokha, yachiwiri ku WAN kokha.

Amene sakufuna kulemba zimenezi pamanja angaike phukusi la pbr pamodzi ndi luci-app-pbr, lomwe linalowa m'malo mwa vpn-policy-routing, ndipo limachita zomwezo pa tsamba la LuCI. Musaiwale IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi a pa intaneti. Ngati kampani yanu ya intaneti imapereka IPv6 koma VPN yanu imanyamula IPv4 yokha, netiweki yoyamba iyenera kutsekeredwa IPv6, apo ayi mafoni adzalambalala VPN popanda wina kuzindikira.

A Jere:
Sindikutsutsa kuti njira ya ma Wi-Fi awiri ndi yaukhondo, koma ili ndi mtengo wake umene sunatchulidwe. Mukagawa nyumba kukhala manetiweki awiri, zipangizo za mbali ziwirizi zimasiya kuonana. Foni imene ili pa Wi-Fi ya VPN siidzapeza TV imene ili pa Wi-Fi inayo pofuna kutumiza kanema, ndipo pulinta idzasowa kwa theka la nyumba, chifukwa zipangizo zimenezi zimadzilengeza kudzera mu mDNS, imene siiwoloka kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina. Zimatheka kuika Avahi kuti izibwereza mauthengawo mbali zonse, koma pamenepo tabwereranso ku chinthu chachikulu chimene timathawa chija. Kuwonjezera apo, foni imakumbukira ma Wi-Fi onse awiri, ndipo ingathe kusankha yokha yosadutsa pa VPN munthu akamalowa m'nyumba.

Mayi Nachisale:
Za foni kusankha yokha, pa iPhone ndi pa Android pomwe pali posankha kuti foni isamalowe yokha pa Wi-Fi inayake, ndipo zimenezi zimachitika kamodzi pa foni iliyonse. Za TV mwanena zoona, ndipo ndichifukwa chake TV ndi kompyuta ya kuntchito sindingaziike pa Wi-Fi yachiwiri. Zikhale pa netiweki yoyamba pamodzi ndi pulinta, zipatsidwe maadiresi osasintha mu DHCP, kenako pbr iuzidwe kuti maadiresi awiri amenewo azituluka pa WAN. Wi-Fi yachiwiri ikhale ya mafoni okha, pa nthawi yochepa imene akufuna banki.

Mayi Nabanda:
Pamenepo pafunika kusamala ndi firewall. Ngati TV ili pa netiweki yoyamba koma ikutuluka pa WAN, musatsegule LAN yonse kupita ku WAN. Mulembe lamulo lolola maadiresi awiri okhawo, ena onse akhalebe otsekeredwa. Ndiponso njira yosankha chipangizo ndi chipangizo imayenda bwino pa TV ndi pa kompyuta, koma pa mafoni imavuta, chifukwa kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, mafoni amabisa MAC yawo yeniyeni, nambala imene rauta imazindikirira chipangizo, n'kupereka ina yongopeka pa Wi-Fi iliyonse. Nthawi zambiri yongopekayo imakhazikika pa Wi-Fi imodzi, koma ingathe kusintha, ndipo ikasintha lamulo lanu silimugwiranso munthuyo.

A Tembo:
Nanga bwanji osangouza pbr kuti dzina la tsamba la banki lizituluka pa WAN? Pamenepo palibe amene angafunike kusintha Wi-Fi kapena kudina kalikonse.

A Jere:
Zimatheka, a Tembo, ndipo zikagwira zimasangalatsa, koma sindingazidalire. Njirayi imafuna dnsmasq-full, imene imalemba maadiresi a dzina lililonse lofunsidwa mu gulu la nftables, popeza OpenWrt inasamukira ku firewall4 ndi nftables kuyambira pa 22.03. Imagwira pokhapokha chipangizo chikafunsa DNS kwa rauta. Foni imene yayatsa Private DNS, kapena msakatuli wogwiritsa ntchito DNS over HTTPS, amafunsa kwina, ndipo rauta siiona dzinalo. Komanso pulogalamu ya banki siilankhula ndi dzina limodzi lokha. Imalankhulanso ndi maseva a makampani ena ofufuza zachinyengo, ndipo mbali ina ikatuluka pa WAN pamene ina yadutsa pa VPN, banki imaona munthu mmodzi ali m'mayiko awiri nthawi imodzi, zomwe ndi zokayikitsa kuposa VPN yeniyeniyo. Masamba a mafilimu ndiye amavuta koposa, chifukwa mayina a maseva awo ndi ambiri ndipo amasinthasintha.

A Gama:
Ine ndimaganiza za foni m'malo mwa batani la pa rauta, makamaka ngati rauta ili pamwamba kapena m'chipinda chokhoma. Pa iPhone, pulogalamu ya Shortcuts ili ndi Run Script Over SSH, ndipo munthu angaike kachizindikiro pa sikirini koti akakadina kazitumiza lamulo ku rauta. Pa Android anthu amachita zofanana ndi Termux, ndipo amene ali ndi Home Assistant angapange swichi mmenemo. Ndinaonanso phukusi la luci-app-commands, limene limalola kusunga lamulo n'kulipatsa ulalo woti munthu atsegule popanda pasiwedi. Kodi zimenezi sizingathandize Bambo Mbewe?

Mayi Nabanda:
Zingathandize, achimwene, koma ziwirizo si zofanana pa chitetezo. Ulalo wopanda pasiwedi ungatsegulidwe ndi aliyense amene ali pa netiweki yanu, kuphatikizapo mlendo amene munamupatsa Wi-Fi mwezi watha. Choopsa kwambiri n'chakuti tsamba loipa limene wina wa m'nyumba watsegula lingathe kuuza msakatuli wake kuti aitane ulalowo mwakachetechete ngati mwini tsambalo akuudziwa kapena waulota. Ngati muugwiritse ntchito, usakhale wolandira mawu owonjezera, ndipo tsamba la rauta lisatsegulidwe ku mbali ya WAN ngakhale pang'ono.

Njira ya SSH ndi yabwinopo, koma kiyi wamba amene mungaike pa foni ya mwana ndi chimodzimodzi kumupatsa pasiwedi ya root imene Bambo Mbewe akukana kupereka. Mu /etc/dropbear/authorized_keys, kutsogolo kwa kiyiyo mulembe command= ndi dzina la kapulogalamu kanu, muwonjezere no-port-forwarding ndi no-pty. Mukatero, amene ali ndi kiyi ameneyo sangachite china chilichonse pa rauta kupatula kuyendetsa kapulogalamu kamodziko. Foni iliyonse ikhale ndi kiyi wakewake, kuti ina ikatayika mungofufuta mzere umodzi.

Ndiwonjezere chinthu chimodzi chokhudza njira zonse zozimitsira, kaya ndi batani kapena foni. Anthu amakumbukira kuzimitsa chifukwa pali chimene chikuwakaniza, koma sakumbukira kuyatsanso chifukwa palibe chimene chikuwavuta. Kapulogalamu kazilemba nthawi imene VPN yazimitsidwa mu kafayilo ka mu /tmp, ndipo cron yomwe ikuyang'anira kanyali ija iziyatsanso VPN pakatha mphindi 30 kapena nthawi ina imene mwagwirizana m'nyumbamo.

Woyang'anira gulu:
Ndikukumbutsa onse kuti amene akufuna kuonetsa fayilo yake ya /etc/config/network pano ayambe wafufuta private_key, preshared_key ndi adiresi ya seva yake. Pitirizani.

A Jere:
Popeza ndinanena kuti magetsi akabwera rauta izibwerera pa VPN yokha, ndiyenera kutchulanso za wotchi. Marauta ambiri a kunyumba alibe wotchi ya batire, ndipo akayaka OpenWrt imangoyerekeza nthawi potengera fayilo imene inasinthidwa komaliza mu /etc, kotero nthawi imakhala ili m'mbuyo. WireGuard imaika chidindo cha nthawi mu handshake iliyonse, ndipo seva imakana chidindo chakale kuposa chimene inalandira komaliza. Ngati rauta ikufuna VPN kuti ifike ku seva ya NTP yokonzera wotchi, pamene VPN ikufuna nthawi yolondola kuti ilumikizane, zonse ziwiri zimangodikirirana. Apa ndivomereze kuti njira ya Mayi Nachisale ili ndi mwayi, chifukwa njira ya VPN ikakhala mu tebulo lapadera, rauta yeniyeniyo imatulukabe pa WAN ndipo imakonza wotchi yake popanda chovuta.

Mayi Nachisale:
Ndi zoona, koma mwayi umenewo umabwera ndi ngongole yake. Ngati rauta yeniyeniyo ikutuluka pa WAN, ndiye kuti mafunso a DNS amene dnsmasq ikutumiza m'malo mwa mafoni akutulukanso pa WAN. Kuti zimenezi zisachitike, netiweki ya VPN ipatsidwe seva ya DNS mwachindunji kudzera mu DHCP option 6, kuti mafoni azifunsa okha ndipo mafunso awo azidutsa mu VPN monga zina zonse. Mukamaliza, mutsegule limodzi mwa masamba oyesera DNS leak muli pa Wi-Fi iliyonse, muone ngati maseva amene akuonekawo ndi amene mukuyembekezera.

Bambo Mbewe:
Ndawerenga zonse mofatsa ndipo ndakonza motere. Wi-Fi yachiwiri ndaipanga, ndipo banki ikutseguka bwino pamenepo. Kompyuta ya kuntchito ndaipatsa adiresi yosasintha ndipo ikutuluka pa WAN nthawi zonse, ndi lamulo la firewall la adiresi yake yokha monga anenera Mayi Nabanda. TV yokha ndi imene ikufunikadi kusinthasintha, chifukwa pali zina zimene timaonera kudzera pa VPN ndi zina zimene zimaikana. Choncho batani la a Jere ndalisunga, koma tsopano silikhudza wg0. Likungoyatsa kapena kuzimitsa lamulo limodzi la pbr lokhudza adiresi ya TV, ndipo kanyali ka WPS kakuonetsa mbali imene TV ili. Chatsala ndi chimodzi: foni ikakhala pa Wi-Fi yachiwiri, munthu akafuna kusindikiza risiti ya banki, pulinta siikuoneka. Kodi ndiyenera kuika Avahi chifukwa cha zimenezi zokha?

A Jere:
Pa pulinta imodzi simukufunika Avahi. Muipatse adiresi yosasintha, mulembe lamulo la firewall lolola netiweki yachiwiri kufika pa adiresi imeneyo yokha, pa madoko a TCP 631 ndi 9100, kenako muonetsetse kuti mayankho a pulinta opita ku 192.168.2.0/24 sakukankhidwira mu tebulo la VPN. Lamulo lotumiza maadiresi a m'nyumba ku tebulo la masiku onse liyenera kukhala pamwamba pa lamulo la VPN mu `ip rule`. Pa Android ndi pa kompyuta mungathe kuwonjezera pulinta polemba adiresi yake pamanja. Pa iPhone, AirPrint imadalira mDNS, choncho pamenepo njira yachidule ndi kusunga risiti ngati PDF, kubwerera pa Wi-Fi yoyamba, n'kusindikiza kuchokera kumeneko.